Thanki Yopanda Nsomba

1. Mphatso ya pangolo

Thanki ya galasi idafika pasukulu sabata yoyamba ya Januwale, ili pangolo ya ng'ombe, itakulungidwa m'mabulangete awiri. Galimoto ya bungwe limene lidapereka mphatsoyo idali itatitimira m'matope kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Bwanje, ndiye makolo adachita kubwereka ngolo.

Ana a kalabu ya sayansi adaitsitsa pang'onopang'ono ngati dzira. Mkati mwake mudali kapampu kopopera mpweya koyendera mphamvu ya dzuwa, siponji yosefera madzi, ndi kabokosi ka timabotolo ta mankhwala oyezera madzi.

Mayi Ndau, mphunzitsi wa sayansi, adaloza pakona pamene dzuwa silinkafika, ndipo thankiyo idakhazikidwa pamenepo.

"Thanki iyi ikufuna mwini mmodzi," adatero. "Ikakhala ya tonse, palibe adzaisamale. Eliness, bwera kuno."

Eliness adali mtsikana wa Fomu 3, mwana woyamba m'banja la alimi a mpunga. Ankapalasa njinga ya bambo ake tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa, ndipo sadajombepo chiyambire chaka chatha. Adaimirira mwamanyazi, nalandira kabokosiko ndi manja awiri.

"Nanga nsomba zibwera liti, Madamu?" adafunsa Chifuniro, mnzake wa benchi limodzi, mtsikana wa ku Tsangano amene ankakhala kwa azakhali ake pafupi ndi sukulu.

"Funso limenelo adzayankha ndi a Maseko mawa," adatero Mayi Ndau. "Lero tungani madzi pamjigo, mudzaze."

2. Antchito osaoneka

A Yoramu Maseko adali mkulu wamtali, wa imvi, mwini madamu atatu a nsomba kumunsi kwa sikimu ya mpunga. Adafika mmawa mwake akukankha njinga, ndowa ili pakaliyala. Ana adathamangira kukasuzumira. Mundowamo mudalibe nsomba. Mudali miyala yoterera, yanyansi ndithu, itamira m'madzi obiriwira.

"Agogo, mwaiwala nsomba!" adafuula mnyamata wina.

"Sindinaiwale," adayankha a Maseko. "Ndabwera ndi eni nyumba. Nsomba ndi alendo, zimabwera pambuyo."

Adaika miyalayo pansi pa thanki umodziumodzi, nakhala pampando, chipewa chili pabondo.

"Mvetserani bwino, ana inu, chifukwa sindibwereza. Nsomba imadya m'madzi, imachitanso chimbudzi m'madzi momwemo. Zonyansa zake zikaola zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. Ndi yemwe uja amakulasani m'mphuno mukalowa m'khola la nkhuku losasesa. Mudamu lalikulu poizoniyo amabalalika. Muno m'kagalasi alibe kothawira. Mukaika nsomba lero, pofika Lamlungu mudzazitola zitayang'ana mimba kumwamba.

"Pamiyala ndabweretsayi pali tizilombo tosaoneka ndi maso. Aphunzitsi anu amatitcha mabakiteriya. Sitonse timadwalitsa, ayi. Iti ndi antchito. Gulu loyamba limadya amoniya n'kumusandutsa poizoni wina wotchedwa naitiraiti. Gulu lachiwiri limadya naitiraiti n'kusiya chinthu chofatsa, chonga feteleza, chimene nsomba imapirira. Koma pano ndi tochepa. Tiyenera kuswana mpaka tidzaze miyala ndi siponji. Zimenezo zimatenga masabata anayi, mwina asanu ndi limodzi. Palibe amene angatikalipire kuti tifulumire, ngakhale ahedi."

Ana adaseka. A Maseko adatembenukira kwa Eliness.

"Iwe ndiye mwini wake? Chabwino. Tsiku lililonse uzitsina kachakudya ka nsomba ndi zala ziwiri, uziponyamo. Kakaola kazitulutsa amoniya, antchitowo apeze chodya. Pampu isazime, chifukwa nawonso amapuma. Ndipo chachikulu ndi ichi, mwana wanga: usawasinthire madzi mwadzidzidzi. Ayamba ndi madzi a pamjigo, apitirize ndi omwewo. Madzi angaoneke oipa chotani, usagamule ndi maso. Yeza. Ukakayika, funsa. Safunsa adadya phula."

Mayi Ndau adatenga choko nalemba pabolodi zilembo ziwiri, pH, najambula mzere wa manambala.

"Nambala iyi imatiuza mtima wa madzi," adatero. "Pakati ndi 7. Kutsika mmunsi mwa 7, madzi akupita ku asidi, mbali ya ndimu ndi bwemba. Kukwera pamwamba pa 7, akupita mbali ya chidulo chimene amayi anu amaphikira therere. Mabakiteriya athuwa amagwira ntchito bwino pakati pa 7 ndi 8. Nambala ikatsika mpaka 6, amangokhala manja lende."

Eliness adatunga madzi a m'thanki m'kagalasi kakang'ono, nadonthezamo madontho atatu. Madziwo adasanduka a buluu. Adafanizira ndi tchati cha mitundu.

"Ndi 7.8, Madamu."

"Lemba," adatero a Maseko, akuvala chipewa. "Tsiku lililonse lemba chimene waona, osati chimene ukufuna."

3. Madzi otsukira mpunga

Masabata awiri adadutsa popanda chooneka. Eliness ankafika mmamawa belu lisanalire, n'kuyeza, n'kulemba m'kope. Amoniya adakwera mpaka pa 4, ndipo adakhala pomwepo masiku ambiri.

Anyamata a Fomu 4 ankasuzumira pawindo. "Adokotala a madzi, odwala anu agona bwanji? Mwawamva kutsokomola?"

Chifuniro ndiye ankawathamangitsa ndi tsache.

Sabata yachitatu zinthu zidayamba kuyenda. Amoniya adatsika kufika pa 2, kenaka pa 1. Naitiraiti adaonekera koyamba. Mayi Ndau ataona kope adagwedeza mutu mokondwa.

"Gulu loyamba ladzuka. Tsopano tidikire lachiwiri."

Koma masiku omwewo madzi adachita mbuu, ngati otsukira mpunga. Miyala ya pansi inkaoneka movutikira. Mayi Ndau adati zimenezo zimachitika m'thanki yatsopano, ndipo zimatha zokha. Atatero adanyamuka ulendo wa ku Ntcheu ku msonkhano wa aphunzitsi wa masiku atatu.

Lolemba limene adanyamukalo, pamzere wa mmawa, ahedi adalengeza nkhani. Lachisanu kudzakhala chionetsero cha makalabu onse. Kudzabwera makolo, komiti ya sukulu, ndi mlendo wochokera ku bungwe lija lidapereka thanki. Kalabu imene idzapambane idzapita kukapikisana ndi sukulu zina ku boma.

Eliness adali asanafikepo ku boma chibadwire.

Masana ahedi adalowa m'kalasi ya sayansi, naima patsogolo pa thanki manja ali kumbuyo. Adali munthu wabwino, koma wokonda kuti zinthu zizioneka bwino pamaso pa alendo.

"Kodi ichi ndi chiyani? Anthu adatipatsa galasi lowala, ife tikawaonetse thobwa?"

"Madamu adati ayera okha, Sala."

"Ayere pofika Lachisanu. Ndalankhula kale ndi a Maseko. Lachinayi ukaweruka upite ukatenge nsomba khumi. Mlendo adzaone chinthu chikusambira."

4. Mvula ya Lachiwiri

Lachiwiri masana kudagwa chimvula. Madzi ankatsika padenga la malata n'kumathira mumgolo umene udali pakona pa kalasi. Ana onse atabalalika, Eliness ndi Chifuniro adatsala pakhonde kudikira kuti ikate.

Chifuniro adasuzumira mumgolomo. "Eli, taona. Ukuona mpaka pansi. Madzi oyera chonchi adayamba atulukapo pamjigo?"

"A Maseko adati tisasinthe."

"Ankanena madzi oipa, a m'ngalande. Awa ndi ochokera kumwamba, sanakhudze dothi. Kwathu ku Tsangano timamwa omwewa. Tizilombo tako tili pamiyala, si choncho? Miyala sitiikhudza. Tingochotsa thobwalo."

Eliness adayang'ana thanki, nayang'ana mgolo. Mayi Ndau kudalibe. Kwa a Maseko kudali kutali, njira yake yamatope.

"Tenga ndowa," adatero.

Adatunga madzi akale mpaka adatsala ongomiza miyala. Kenaka adadzaza ndi a mumgolo. Thanki idawala. Mwala uliwonse unkaoneka, ndi tithovu ta pampu tinkakwera ngati mikanda. Atsikana awiriwo adaomba m'manja.

Eliness adaponyamo chakudya, nawonjeza kawiri poti amoniya yense adali atatayidwa. Sadayeze. Adathamangira njinga kuti akaoloke kamtsinje kasanadzaze.

Mmawa mwake adadontheza madontho atatu monga mwa masiku onse. Madzi sadachite buluu. Adachita kubiriwira kotuwa, kopita ku chikasu. Adatsuka kagalasi, nayezanso. Chimodzimodzi. Nambala idali 6.4.

Lachinayi mmawa adali achikasu ndithu. Nambala idafika pa 6. Amoniya adali atakweranso mpaka pa 2, ndipo naitiraiti sadaoneke n'komwe. Chakudya chinkaola, koma wochidya padalibe.

Eliness adakhala pabenchi, kope lili pamiyendo.

"Ungolemba 7.8," adanong'ona Chifuniro. "Ndani akayeze? Madzi akuoneka bwino. Kapena ndikatenge soda kwa azakhali, tithiremo. Madamu aja adati chidulo chimakweza nambala. Ibwerera lero lomwe."

"Tachita kale chimodzi osafunsa."

"Ndiye ukauza ahedi chiyani? Eli, ku boma! Kalabu ya ulimi ili ndi matimati akuluakulu ngati zibakera. Ife popanda nsomba tili ndi chiyani?"

Eliness adatenga cholembera. Adachigwira nthawi yaitali. Kenaka adalemba 6, natseka kope.

5. Kumadamu

Ataweruka adamanga ndowa pakaliyala napalasa kulowera kumunsi. Mbali zonse za njira anthu adali chiweramire m'madzi, akuwokera mpunga. Mayi ake adamuona ali patali, nakweza dzanja lodzaza mbande. Iye adakwezanso lake koma sadaime.

A Maseko adawapeza atakhala pamlambala wa damu, beseni lili pambali. Mubesenimo munkasambira tiana ta makumba khumi, totalika ngati chala.

"Wafika, mwini thanki. Ndakusankhira tonenepa. Koma ine ndadabwa. Masabata atatu okha, antchito amaliza kale?"

Eliness adagwada, natulutsa kope, nawapatsa ndi manja awiri. A Maseko adavala magalasi omangidwa ndi ulusi, natsata manambala ndi chala. Chala chidaima pa Lachitatu.

"Apa padachitika chiyani?"

"Ndidathira madzi a mvula, agogo. Pafupifupi thanki yonse. Ndimafuna ayere."

Mkuluyo adadzutsa mutu. Kenaka adavula magalasi.

"Khala pansi bwinobwino, ndikuuze. Chaka chimene ndidayamba ulimi uno ndidamanga thanki ya simenti kuseri kwa nyumba, yolereramo mbewu ya nsomba. Ndidaika tiana mazana anayi. Zinkayenda bwino. Ndiye ndidati, bwanji ndizivutika kutunga pamjigo pamene denga likutaya madzi aulere? Ndidalumikiza mpope kuchoka kudenga. Mvula idagwa masiku atatu. Madzi adayera, ine n'kumadzitama kwa anzanga. Patapita sabata nsomba zidayamba kudwala. Ndiye ndidachita mantha, ndidathiramo laimu wopakira nyumba uja, wodzaza mbale, kuti ndikonze msanga. Pofika madzulo ndidatola nsomba ndi lichero. Zonse mazana anayi. Mayi a kunyumba sadandilankhule masiku awiri.

"Pambuyo pake mlangizi wina adandimasulira. Madzi a pamjigo amadutsa m'miyala pansi pa nthaka, ndipo amatengako mchere wa miyalayo. Mcherewo ndi umene umagwira nambala ija kuti isagwedezeke. Uli ngati mlambala wa munda wa mpunga. Madzi a mvula ndi oyera, inde, koma alibe mlambala. Kanthu kakang'ono kamawakankhira ku asidi. Ndipo antchito athuwa, pogwira ntchito yawo, nawonso amatulutsa asidi pang'onopang'ono. M'madzi a pamjigo sizioneka. M'madzi a mvula amadzitsekera okha pakhomo. Nambala ikagwa, amasiya kudya, amasiya kuswana. Ena amafa."

"Mnzanga amati tithire soda," adatero Eliness motsitsa mawu.

"Mukadathira mukadabwereza uchitsiru wanga wa laimu. Tamvera. Tizilomboti chimene timadana nacho kwambiri si nambala yotsika yokha ayi, koma kukankhidwa uku ndi uku. Dzulo 7.8, lero 6, mawa 8. Ngakhale iwe, atakuchotsa kuno kotentha n'kukakuponya ku Tsangano mu Juni wopanda juzi, mawa lake n'kukubweza, ungalime? Chinanso ndi ichi. M'madzi a asidi amoniya amakhala ngati wagona, ululu wake umachepa. Ukakweza nambala mwadzidzidzi, amadzuka yense nthawi imodzi. Ngati muli nsomba, zimapsa. Ndi zimene zidapha zanga."

Eliness adayang'ana pansi. "Ndiye antchito onse afa?"

"Sindikudziwa. Miyala simudaitsuke, simudaiumitse. Ndiganiza ambiri angokomoka. Adzadzuka, ukawaleza mtima."

A Maseko adakankhira beseni patsogolo pake.

"Tsopano nsomba ndi izi. Ndidalonjeza ahedi, ndipo sindibweza mawu. Ukafuna, tenga. Sindikunamiza, mawa zidzasambira bwino ndithu. Alendo adzaomba m'manja, mwina mudzapita ku boma. Zidzayamba kuvutika sabata yamawa, alendo atapita. Palibe adzadziwe chifukwa chake, kupatula iwe ndi ine. Thanki ndi yako."

Adadzuka napita kukaona paipi yolowetsa madzi mbali ina ya damu, namusiya yekha.

Tinsombato tinkazungulira m'beseni, timilomo tikutsekuka ndi kutsekeka. Kamodzi kadali ndi banga lakuda pafupi ndi mchira. Eliness adaviika chala, ndipo kadabwera kudzachijompha.

Adanyamula beseni, natsika nalo mpaka m'mphepete mwa madzi, nalipendeketsa. Tinsomba tidatuluka kamodzikamodzi n'kuzimirira m'madzi obiriwira.

A Maseko atabwerera adayang'ana beseni lopanda kanthu. Adalowa m'kachisakasa kawo natuluka ndi kansalu komanga.

"Umu muli zigoba za nkhono zosinja. Ukaike pafupi ndi siponji. Zimasungunuka pang'onopang'ono, n'kumabwezera mchere uja. Tsiku lililonse uzichotsa jagi imodzi ya madzi, n'kubwezera jagi imodzi ya pamjigo. Imodzi, osati ziwiri. Chakudya uyambe waleka mpaka amoniya atsike. Nambala izikwera ngati nkhalamba pachitunda. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Pita, kusanade. Ukawauze wekha ahedi asanamve kwa wina."

6. Tsiku la chionetsero

Lachisanu mmawa Eliness adapeza Mayi Ndau atabwerako, ali mu ofesi ya ahedi. Adagogoda, nalowa, nafotokoza zonse ataimirira, kuyambira pa mgolo mpaka pa beseni.

Ahedi adavula magalasi nawaika patebulo mwamphamvu.

"Ndiye kuti wabweza nsomba zimene ine ndidapempha? Mlendo wayenda ulendo wonse uja kudzaona madzi?"

"Zikadafa, Sala."

"Zikadafa lero?"

"Ayi. Sabata yamawa."

Mayi Ndau adali akuwerenga kope mwakachetechete.

"Kulakwa walakwa," adatero Mayi Ndau. "Udauzidwa kuti ukakayika ufunse. Koma manambala awa ndi oona, ahedi, ngakhale oipawo. Mwana wina akadalemba zondikondweretsa. Mulekeni aonetse chimene ali nacho."

Pofika teni koloko bwalo lidadzaza. Kalabu ya ulimi idayala matimati ndi kabichi. Kalabu ya zaluso idapachika mphasa zolukidwa ndi mapepala a shuga. Anthu atazungulira konseko adalowa m'kalasi ya sayansi, ndipo adayamba kusuzumira m'thanki, wina uku wina uku.

"Zabisala kodi?" adafunsa bambo wina wa komiti.

Mlendo wa ku bungwe adali mayi wamfupi wovala nsapato zodzaza matope, dzina lake Mayi Christobel Zimba. Adawerama nayang'ana kuseri kwa miyala.

"Mwana wanga, nsomba zili kuti?"

"Mulibe, mayi. Nyumba yake sinakonzeke, ndipo ndine ndidaichedwetsa."

Anyamata a Fomu 4 adaseka kumbuyo. Eliness adaika makapu atatu a galasi patebulo. M'kapu yoyamba mudali madzi a pamjigo, yachiwiri a mumgolo wa mvula, yachitatu a m'thanki.

"Makolo, mwa madzi awa, abwino ndi ati?"

"Onse ndi amodzi," adayankha mayi wina wobereka mwana. "Madzi ndi madzi."

Eliness adadontheza mankhwala m'kapu yoyamba. Idachita buluu. Yachiwiri idachita chikasu. Yachitatu idachitanso chikasu. M'kalasimo mudamveka kung'ung'udza, ndipo anthu adasendera pafupi.

Adafotokoza za antchito osaoneka, za amoniya, za nambala imene idagwa kuchoka pa 7.8 kufika pa 6 m'masiku awiri. Adatsegula kope naonetsa pamene amoniya ankatsika, ndi pamene adayambanso kukwera. Mawu ake adayamba motsika, koma pofika pakati ankamveka mpaka pakhomo.

"Sadali yekha," mawu ena adatuluka pambali. Adali Chifuniro, ataimirira, maso ali pansi. "Nzeru ya madzi a mvula idali yanga. Ndowa ndidanyamula ndine."

Bambo wa komiti uja adakanda mutu. "Tadikirani. Ine ndidakumba kadamu chaka chatha. Mvula itagwa yambiri nsomba zidayandama. Ndimati wina adandithirira mankhwala, mpaka ndidakangana ndi mlamu wanga. Kodi mwina n'zimenezi?"

"Sindingadziwe, bambo, popanda kuyeza," adayankha Eliness. "Mukabweretsa madzi ake m'botolo tidzayeza."

"Ndibwera nawo. Ndipo mlamu wangayo ndibwera naye."

Anthu adaseka, ndipo ulendo uno sankaseka Eliness.

Masana oweruza adalengeza zotsatira. Kalabu ya ulimi ndiyo idapambana ulendo wa ku boma. Ana ake adavina kuzungulira bwalo atasenza dengu la matimati. Eliness adaomba nawo m'manja, misozi ili m'maso. Kenaka adabwerera m'kalasi, nachotsa jagi imodzi ya madzi, nathira ina ya pamjigo.

Mayi ake adamupeza akutsuka makapu. Adali atachokera kumunda, matope ali m'miyendo.

"Ndamva zonse ndili pawindo," adatero. "Mbande ukaizula kawiri imachedwa kugwira, koma imagwira. Tiye, undikweze panjinga. Msana wandipweteka."

Potuluka adakumana ndi ahedi pakhonde. Adaima, nakonza kukhosi.

"Mlendo uja wajambula kope lako tsamba lililonse. Akuti adzabweranso mwezi wamawa." Adayamba kuyenda, natembenukanso. "Nsomba zidzalowa tsiku limene iwe udzanene."

7. Jagi imodzi patsiku

Masiku otsatira Eliness adachita monga adauzidwira. Loweruka ndi Lamlungu Chifuniro, poti ankakhala pafupi, ndiye ankapita ndi Mayi Ndau kukasintha jagi ija. Nambala idayamba kukwera: 6.2, kenaka 6.4, kenaka 6.7. Amoniya adangoima pa 2, osatsika.

Lachinayi la sabata yotsatira madontho adachita kubiriwira kwenikweni. Nambala idafika pa 7. Lachisanu idafika pa 7.2, ndipo naitiraiti adaonekeranso pang'ono.

"Adzuka!" adafuula Chifuniro, akuvina ndi kagalasi m'manja.

"Adzuka, koma ino ndiye nthawi yoopsa," adatero Mayi Ndau. "Nambala yakwera, amoniya akadalimo, naitiraiti akubwera. Mapoizoni awiri nthawi imodzi. Masabata awiri akubwerawa, ngakhale chule asalowemo."

Lolemba mmawa Eliness adafika kusukulu dzuwa litangotuluka. Adatsamiritsa njinga pamtengo, nakatenga kiyi kwa alonda, natsekula loko wa kalasi. Mawindo onse adali otseka. Pampu inkalira monga mwa masiku onse.

Adaika chikwama pabenchi. Dzanja lake lidakhudza chinthu chonyowa. Lidali jumbo loyera, long'ambidwa pakamwa, madzi akudonthabe pansi.

Adatembenuka nayang'ana pakona.

M'thankimo mudali nsomba zitatu. Wina adali atangozikhuthuliramo kuchokera m'jumbo lija, ndipo Eliness sadadziwe kuti ndani. Sizidali makumba a kwa a Maseko. Zidali zofiira ngati lalanje lakupsa, za michira yaitali yopepera ngati nsalu, mtundu umene Eliness adali asanauonepo m'dambo lililonse la ku Bwanje. Ziwiri zinkazungulira pansi pamiyala. Yachitatu idali pamwamba, itapendekeka, kamwa lili kunja kwa madzi, ikupuma movutikira.

Panja padamveka mapazi a Chifuniro, akubwera akuimba.

"Chifuniro!" adaitana Eliness, ndowa ili kale m'manja. "Siya chikwama pomwepo. Thamangira kumjigo ukatunge madzi, tizichotsemo nsombazi!"